Singano ya Che Saidi

Ana anga, za ubwana wanga ku Dowa ndidakusimbirani kambirimbiri, moti ena mwa inu mumayamba kuyasamula ndisanatulutse n'komwe ng'ombe m'khola. Pano ndiyambira pomwe boma lidandilemba ntchito. Amene wandigwiritsa cholembera ndi Tiyamike. Mwezi wathawu, tili pakhonde kwake ku Area 15, adandidandaulira kuti kuntchito amutuma kufotokozera anthu za inshuwalansi ya chipatala, koma anthuwo amangogwedeza mitu mwaulemu n'kumapita osalembetsa. Ndidaseka mpaka chifuwa chidandigwira. Ntchito yonga imeneyo ndidaigwirapo ine iye asanabadwe, ndipo idandidyera mwayi waukulu koposa umene ndidaupezapo m'boma. Sindidandaula ayi, koma ndikufuna mudziwe mmene zidayendera.

1955

Ndidafika ku Lilongwe ndili pamwamba pa lole ya fodya, ndi sutikesi yamalata ndi nsapato zobwereka kwa amalume. Tauni yonse munthu ukadaizungulira wapansi usanamve ludzu. Tsidya lina la mtsinje kudali boma ndi nyumba za azungu, tsidya lino msika, mzikiti, masitolo a amwenye ndi chipatala chathu cha anthu akuda. Uko mukuti City Centre, uko ku Area 11 kumene agalu amadya bwino kuposa alonda, kudali tchire ndi minda ya chimanga, ndipo tinkapitako pa njinga kukagula nkhuni. Ndimamusowa kwambiri Lilongwe ameneyo. Fumbi lidalipo, koma munthu ukayetsemula pamlatho, wina kumsika ankadziwa kuti wayetsemula ndi mwana wa yani.

Idali nthawi ya Chitaganya, pamene azungu adalumikiza dziko lathu ndi maiko ena awiri, ndipo zipatala za boma zinkalamulidwa kuchokera ku Halale. Mankhwala ankabwera kuchokera komweko, akafuna kubwera. Mabandeji tinkachapa n'kuyanika pampanda, singano za jakisoni tinkaziwiritsa m'poto ndipo zikabuntha tinkazinola pamwala. Mkulu wathu adali dokotala wachizungu amene tinkamutcha Kamvuluvulu, chifukwa akalowa m'wodi chilichonse chinkayenda, ngakhale wodwala amene dzulo lake ankati sangadzuke. Pansi pake padali a Nkhoma, munthu wodekha, amene adatha zaka zambiri akubaya jakisoni ndi kutsuka zilonda. Iwowa ndiwo adandipatsa zida zanga tsiku loyamba: njinga yakuda ndi lipenga lamalata lolankhulira, lokhomedwa ndi okhoma zidebe a kumsika.

"Mwale," adatero a Nkhoma, "iwe sudzabaya munthu pakadali pano. Ntchito yako ndi pakamwa. Uziyenda kumsika ndi m'makonde, uziuza anthu kumene angapite akadwala. Koma lamulo limodzi usaliiwale. Wantchito wa pano salandira kanthu kwa wodwala, ngakhale dzira. Adalipo wina pano ankagulitsa majakisoni kuseri kwa nyumba, ndipo chichokereni iye bwana akangomva fungo la mphatso amachotsa munthu tsiku lomwelo."

Uthenga wanga udali wa njira zitatu, ndipo ndidauloweza ngati katekisimu. Wogwira ntchito kwa mzungu kapena kwa mwenye akavulala pantchito, abwana ake ndiwo ayenera kumusamala. Wofuna kupita ku mishoni apite, koma kumeneko amalipiritsa. Ena nonse bwerani ku chipatala cha boma, mankhwala ndi aulere. Mawu otsirizawa ndinkawakweza kwambiri, poganiza kuti anthu adzathamanga kusiya madengu awo. M'malo mwake amayi ogulitsa nyemba ankangoyang'anana, ndipo bambo wina wogulitsa nsomba zouma adandifunsa tsiku lina ngati ndidaonapo nyambo yolipiritsa nsomba. Masiku amenewo chilichonse chochokera ku Halale anthu ankachinunkhiza kaye.

1957

Che Saidi adali telala wachiyao, wosokera pakhonde pa sitolo ya mwenye wina wa nsalu, pafupi ndi mzikiti. Adali munthu wamtali, wa kofiya yoyera nthawi zonse, ndipo makina ake ankamveka munthu ukangotsika pamlatho. Ndidamudziwa chifukwa cha kabudula wanga wa ntchito amene adang'ambika pamalo osatchulika ndikukwera njinga. Adamusoka ine nditakhala kuseri kwa mulu wa nsalu, uku akundifunsa mafunso ngati loya. Kuchokera tsiku limenelo ndinkapumira pakhonde pake ndikatopa kukuwa, ndipo ankandipatsa tiyi wa mkaka m'kapu yamalata. Ankanditcha Che Mwale, kapena akafuna kundiseka, Bwana Lipenga.

Lachisanu lina tidakhala pamodzi tikuona opempha akudutsa sitolo ndi sitolo, monga unkakhalira mwambo wa tsikulo. Amwenye ankaika mbale ya timakobidi pakhomo, ndipo akhungu, olumala ndi nkhalamba ankabwera mondondozana kudzalandira sadaka. Che Saidi nayenso adali ndi kake kowapatsa. Atadutsa onse adandilozera ndi sizasi.

"Mwawaona, Che Mwale? Awo ndiwo anthu anu. Mukamakuwa kuti zaulere, zaulere, ife timamva kuti mukuitana a Lachisanu. Ine ndili ndi manja awiri ndi makina."

"Koma Che Saidi, matenda safunsa kuti uli ndi makina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

"Zoona. Koma ndiuzeni, kwanu ku Dowa sing'anga amalowa m'thengo kukakumba mankhwala musanamupatse chipondamthengo?"

Ndidavomera kuti salowa. Ana inu a m'tauni mwina mawuwa simuwadziwa. Chipondamthengo ndi kanthu kamene wodwala amapereka poyamba, sing'anga asanapite kukafuna mizu. Sikakhala kakakulu, mwina nkhuku, mwina mkanda, koma popanda iko anthu ankakhulupirira kuti mankhwalawo sagwira, chifukwa sakudziwa mwini wake. Ine ndidali nditaganizira kale yankho, ndipo ndidalitulutsa monyada. Ndidati msonkho umene amapereka chaka ndi chaka ndiwo chipondamthengo chake, choncho mankhwala a boma adawalipira kale. Che Saidi adaimitsa makina n'kundiyang'ana mwachifundo.

"Msonkho sindipereka, Che Mwale, amachita kunditengera, mesenjala ataima pamenepo ndi chikoti. Chipondamthengo munthu amapereka ndi manja awiri. Musasakanize ukwati ndi kuba mkazi."

Ndidamaliza tiyi wanga. Yankho limenelo ndidalisunga, ndipo nkhani ya msonkho sindidaitchulenso kumsika.

1957, dzinja

Mvula itayamba, waya wa mpanda adamukanda Che Saidi pamsongolo wa mwendo wamanja, womwe ankapondera makina. Kachilonda kake kadali kosaoneka n'komwe, koma m'matope a chaka chimenecho kadakula n'kukhala chilonda chonyeka. Adayesa mankhwala a masamba, adayesa ndi aja a m'botolo a kusitolo, osathandiza. Ine ndidali nditapita kumidzi ya kwa Chitukula kwa milungu ingapo, ndipo pobwera ndidazindikira ndili pamlatho kuti china chake chasowa. Makina sankamveka. Ndidamupeza atakhala pansi, mwendo atautambasula pa kampando, akusoka mabatani pamanja. Nsalu za anthu zidali zitaunjikana, ena adali atayamba kale kudzatenga zawo kupita nazo kwa matelala ena. Atamasula chigamba chimene adamangapo, ndidachita mantha. Zilonda zotere ndidali nditaziona kuchipatala, ndipo ndinkadziwa kumene zimathera munthu akachedwa. Zimathera pa sowo ya dokotala.

Ndidayamba kumuwerengera njira zanga zitatu ngati sadazimvepo. Ya abwana sidamukhudze, chifukwa khondelo ankangochita lendi, sadali wantchito wa mwenye. Ya ku mishoni adaikana, ati ndi kutali kwa munthu wa mwendo umodzi, ndiponso angapite Saidi n'kubwerako Yohane. Idatsala yathu, yomwe idali pafupi moti akadatha kumva belu lathu ali pakhonde pomwepo.

"Che Saidi, kuli jakisoni wa penisilini. Ndaona ndi maso anga zilonda zoposa ichi zikuuma. Mukachedwa adula mwendowu, ndipo telala wopanda mwendo adzayenda ndi a Lachisanu omwe aja."

Mawu amenewa adamulasa, ndidaona. Adayang'ana makina ake. Kenako adatsegula kabokosi ka pansi pa makinawo, natulutsa singano ya makina yatsopano, yonyezimira, yomwe masiku amenewo inkasowa ngati mankhwala athu omwe. Adaigwira ndi manja awiri n'kundilozetsa.

"Landirani. Singano yanga ndakupatsani, tsopano mukandipatse yanu. Koma imvani, Che Mwale, iyi musadzandibwezere. Sing'anga akabweza chipondamthengo ndiye kuti wauza wodwala kuti matenda amukanika. Tsiku limene mudzaibweze, ine kuchipatala kwanuko ndasiya."

Mawu a a Nkhoma onena za dzira ndidawamva bwinobwino m'mutu mwanga. Koma ndidayang'ananso chilonda chija, ndipo ndidatambasula manja anga onse awiri. Singanoyo ndidaibaya kuseri kwa kolala ya malaya anga. Masana omwewo ndidamukweza Che Saidi pakaliyala ya njinga, ine ndikukankha wapansi, mpaka pakhomo pa a Nkhoma.

1958, mvula ili pakati

Penisilini adagwira. Fungo lidatha, m'mphepete mwa chilonda mudayamba kumera mnofu wofiira. M'mawa uliwonse ndinkamutenga pa njinga kukabayitsa ndi kukatsukitsa, ndipo a Nkhoma ankati akapitiriza chonchi mwendo upulumuka, koma akadukiza chilonda chibwerera ndi ukali woposa. Nthawi yomweyo ine zanga zidali zikuyenda. Kamvuluvulu adali atalemba dzina langa kuti ndipite ku Zomba kukaphunzira za udokotala waung'ono, mwayi umene unkabwera kamodzikamodzi. Amayi anu, Nabanda, ndidali nditawafunsira kale, ndipo ndidali nditawalonjeza nyumba ya njerwa ya boma ndikadzabwerako.

Chimene ndidaiwala n'chakuti telala sasoka ndi pakamwa potseka. Aliyense wobwera pakhonde ankauzidwa kuti mankhwala a boma ndi amphamvu zedi, bola upereke singano. Posakhalitsa anthu amene ndidawakuwira zaka zitatu osabwera adayamba kufika, aliyense ndi kasingano kake kobaya pansalu. A Nkhoma ankawabweza nazo mwakachetechete. Koma tsiku lina mayi wina wa ku Kawale, mwana ali kumbuyo, adagwada pamaso pa Kamvuluvulu mwiniwake n'kumupatsa singano ndi manja awiri. Bwana atafunsa tanthauzo lake, mayiyo adafotokoza zonse mosabisa, ndi dzina langa lomwe, akumwetulira.

Adandiitanira mu ofesi, a Nkhoma ali pomwepo. Chinyanja chake chidali chothyokathyoka koma chinkamveka.

"Mwale, iwe watenga singano kwa munthu wodwala?"

"Inde, bwana. Imodzi." Ndidatembenuza kolala n'kumuonetsa, ndipo ndidafotokoza za chipondamthengo mmene ndikadathera.

Adamvetsera mpaka ndidamaliza, zimene sizinkachitika kawirikawiri. Sadali munthu woipa, ndipo zimene adayankha zidali ndi nzeru. Adati lero ndi singano, mawa ndi nkhuku, mkuja wamasiye wopanda nkhuku adzafera kunyumba poganiza kuti alibe cholowera. Adandilamula zinthu ziwiri, zonse tsiku lomwelo: ndikalengeze kumsika kuti wina asabwerenso ndi kanthu, ndipo ndikabweze singano kwa mwini wake anthu akuona. Ndidapempha kuti ndidzabweze chilonda chikapola. Adakana, ati nkhaniyi yafika kale patali.

"Ukabweza lero, ife tiiwala. Ukapanda kubweza, Zomba palibe."

Titatuluka, a Nkhoma adandikokera kuseri kwa mabandeji oyanika. "Mwana iwe, mapanga awiri avumbwitsa. Kabweze, ukamunyengerere mnzakoyo. Kapena ukaitaye mumtsinje, udzanene kuti wabweza. Ndani akakufufuze?" Ankandifunira zabwino, ndikudziwa. Koma Lilongwe wa nthawi imeneyo sankasunga bodza mpaka dzuwa kulowa, ndipo Che Saidi ndinkamudziwa kuti sanena mawu kawiri.

Ndidakwera njinga ndi mtima wolemera. Kunena zoona, ndidanyamuka nditatsimikiza kuti ndikabweza. Ndinkaganiza za Nabanda, za nyumba ya njerwa, za amalume amene adandibwereka nsapato. Koma nditayandikira mzikiti ndidamva kaphokoso kamene ndidali nditakasowa. Makina ankalira pang'ono, n'kuima, n'kuliranso. Che Saidi adali atakwera pampando wake, mwendo wa bandeji uli pa chopondera, akuyesa pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu pamphumi. Atandiona adaseka ngati mwana.

"Bwana Lipenga! Mwamva? Wayamba kukumbukira ntchito yake!"

Ndidamuyankha kuti ndamva, ndipo ndidamukalipira kuti asaupanikize mwendowo. Dzanja langa lidafika pa kolala n'kubwerera. Ndidamutsanzika kuti tionana m'mawa monga mwa masiku onse, n'kupitirira kumsika.

Kumsika ndidaima pa chulu chimene ndinkaimapo nthawi zonse, pafupi ndi ogulitsa nyemba. Ndikadati singano ndi zachabechabe, mawuwo akadafika pakhonde ine ndisanatsike pachulupo. Ndiye ndidakweza lipenga n'kunena zimene zidandibwerera. Ndidati, "Abale, za singano mwamva n'zoona. Koma sing'anga salowa m'thengo kawiri pa mtengo umodzi. Che Saidi adapereka kale, ndipo mankhwala amene adakumbidwa ndi ambiri, okwanira tonse. Wodwala abwere chimanjamanja, mnzanu adakuponderani kale m'thengo." Pomwepo bambo wa nsomba zouma uja adati, "Apo ndiye mwanena, a Mwale. Bwanji osanena kale?" Mawu oti ulere sindidawatchule tsiku limenelo, ndipo sindidawatchulenso mpaka ndidapuma ntchito.

Ndidabwerera kwa Kamvuluvulu n'kumuuza kuti lamulo loyamba ndachita, lachiwiri ndalephera. Adayang'ana kolala yanga nthawi yaitali. "Mwale, mutu wako mwala," adatero. Sadandichotse ntchito, ngakhale lamulo linkamulola, koma ku Zomba kudapita mnzanga wina. Madzulo ake ndidapita kukawauza amayi anu, ndipo ndidalira pamaso pawo, chinthu chimene mwamuna wofunsira sachita. Adangondifunsa ngati mwendowo upola. Nditati upola, adati nyumba ya zidina nayonso imagoneka.

1962

Mwendo udapola, kudangotsala chipsera chonyezimira. Anthu adapitiriza kubwera kuchipatala, ndipo zaka zingapo pambuyo pake ndinkamvabe amayi pamzere akuuzana kuti pano salipira chifukwa telala wina adalipirira onse. Mwayi wa ku Zomba sudabwerenso. Kamvuluvulu adasamutsidwa, Chitaganya chidayamba kugwedezeka, ndipo amene adabwera pambuyo sankandidziwa. Mnzanga uja adakwera mpaka adadzapumira m'nyumba ya mpanda ku Area 11, ndipo tikakumana ankandipatsa moni bwino ndithu. Ine ndidakhala wa lipenga ndi njinga, kenako wa katemera, mpaka tsitsi lidachita imvi. Za Zomba sindidamuuze Che Saidi. Adazimva kwa a Nkhoma patapita zaka, ndipo sadanenepo kanthu, kungoti tiyi wanga adayamba kubwera ndi mandasi.

Iwe Tiyamike utabadwa, amayi ako adagula kansalu koyera kuti tikusokere diresi ya ubatizo. Tidapita nako pakhonde paja. Che Saidi adaseka kuti taonani Msilamu akusokera Akhristu zopita nazo kutchalitchi, nakuyeza ndi zala zake, iwe uli m'manja mwa amayi ako. Nditafunsa mtengo, adagwedeza mutu.

"Iyi ndi yaulere, Che Mwale."

"Pepani, Che Saidi," ndidatero, "lero si Lachisanu. Ine ndili ndi manja awiri ndi njinga."

Adaseka mpaka kofiya idagwa. Atapukuta misozi adati, "Chabwino. Ndiye perekani chipondamthengo, ndilowe m'thengo."

Singano ija ndidali nditaichotsa pa kolala kalekale. Ndinkaisunga m'chikwama, yokulunga m'kansalu kodontheza mafuta a njinga kuti isachite dzimbiri. Ndidaitulutsa n'kumupatsa ndi manja awiri. Adaizindikira pomwepo, ndipo kuseka kudatha.

"Mukundibwezera?"

"Ayi. Ndikulipira."

Adaitembenuza padzuwa, naipukuta pa malaya ake. Kenako adamasula singano imene idali m'makina n'kuikamo iyo, nalowetsa ulusi woyera. Adayala kansalu kako pansi pa singano, nakweza mwendo wa chipsera uja pa chopondera.

Diresi imeneyo amayi ako adaisunga m'sutikesi yanga yamalata, pansi pa mabulangete. Ukabwera Loweruka ukaitulutse, uone m'mene msoko wake udawongokera.